Tsiku Limene Ndinasita Ndalama za Apongozi

Mu Kafue muno, kuyambira pa siteshoni ya sitima mpaka kudoko la ku Chanyanya, palibe munthu amene anandigonjetsapo pa nkhani ya mtengo. Mawu amenewa ndinkawanena poyera, ngakhale popanda wondifunsa. Ndagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika zaka zoposa makumi awiri. Ndimadziwa munthu amene wabwera kudzagula ndi amene wabwera kudzataya nthawi podikira minibasi ya ku Lusaka. Ndimadziwa kuti mzimayi akayamba kunyoza diresi ndiye kuti walikonda. Tsiku lina ndinakakamira mtengo wa nsomba mpaka msodzi wake anandifunsa ngati ndikufuna kutenganso bwato ndi mkazi wake.

Koma chinsinsi changa chenicheni sichinali pakamwa. Chinali nsimbi. Bhelo likatsegulidwa, zovala zimatuluka zili makwinyamakwinya, zikununkha mankhwala a kumene zachokera. Anzanga amangoziunjika pa tebulo n'kuyamba kukuwa. Ine ndimasankha, ndimachapa, ndimathira sitachi pang'ono, ndimasita, kenako n'kupachika. Shati imene mnzanga akuigulitsa mtengo wa mbale ya nshima, ine ndimaigulitsa kuwirikiza katatu, wogulayo n'kundithokozanso. Choncho ndinakula ndi chikhulupiriro chimodzi chimene sichinandikhumudwitsepo: palibe chinthu chimene nsimbi singachikweze mtengo.

Apongozi anga aamuna anachokera ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anafera konkuno atakalamba. Tinawaika kumanda a m'tauni. Pamanda pawo tinazika kachitsulo kolembedwa dzina, monga amachitira aliyense amene akuti chiliza adzamanga chaka chamawa. Kachitsuloko kanabedwa ndi anthu ogulitsa zitsulo zakale. Tinaika kena, nakonso kanapita. Mtumbira unayamba kutsika ndi mvula, manda atsopano n'kumayandikira mbali zonse. Apongozi aakazi ankapeza malowo powerenga mizere kuchokera pa njira, koma chaka chimenecho anabwerako akunena kuti anaima nthawi yaitali pakati pa mitumbira iwiri osadziwa kuti agwade pa uti.

Ana awo onse, kuphatikizapo mkazi wanga ndi ine, tinali titalonjeza chiliza kangapo. Pa maliro aliwonse a pachibale tinkakumbutsana, aliyense n'kugwedeza mutu mwamphamvu, basi. Mayiwo sanatikalipirepo. Loweruka lina anangofika kwathu ndi kathumba kapulasitiki, nakhala pa mphasa, natulutsa buku lakale la malamulo a njanji lomangidwa ndi mphira. Polankhula ankayang'ana mwana wawo, ngakhale mawuwo anali anga, chifukwa ngakhale tili m'tauni iwo ndi ine sitiyang'anizana m'maso. Ananena kuti amva kutchalitchi kuti ku Lusaka kuli anthu amene amagula ndalama zimene zinasiya kugwira ntchito. Ananena kuti mvula ikadzagwanso manda aja adzasowa, ndipo safuna kufa asakudziwa pamene pagona mwamuna wawo. Kenako anakankhira bukulo kumbali yanga.

"Uwauze apongozi," anatero kwa mkazi wanga, "popeza mitengo amaidziwa ndi iwo."

M'kati mwa bukulo, pakati pa masamba, munali manoti. Malemuwo anali ndi chizolowezi chimene ine sindinkachidziwa: boma likatulutsa ndalama zatsopano, iwo ankapatula noti imodzi pa malipiro awo n'kuigoneka m'buku. Munali ndalama za mapini, masauzande aja, zimene tonse timazikumbukira, za nthawi ija tisanachotse maziro atatu, pamene munthu unkakhala miliyoneya koma ukudyera kapenta. Munali za nkhope ya pulezidenti woyamba, ali wachinyamata kenako ali ndi imvi. Kumapeto kwenikweni kunali za mapaundi ndi mashilingi, zimene ine ndinali ndisanazionepo ndi maso. Ya mapaundi asanu akuti anaisunga asanakwatire, nthawi imene munthu amatha kugona ndi njala popanda womufunsa.

Ndinalandira bukulo ndi manja awiri. Kenako pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinauza mkazi wanga kuti awauze amayi asade nkhawa, chiliza chimene tidzaike sichidzakhala cha simenti chabe ayi, chidzakhala cha mwala wakuda wonyezimira uja umene amaika anthu a ku Boma. Mumtima sindinkakhulupirira kuti mapepala akufa angagule ngakhale thumba la simenti. Koma mkamwini wosalonjeza amaoneka ngati wosauka, ndipo ine ndinali ndi mbiri yoti ndiisunge.

Nambala ya wogula ndinaipeza kwa mlongo wina wa kutchalitchi kwa mkazi wanga, amene amagwira ntchito ku Lusaka. Anandiuza kuti wogulayo ndi mayi wachikulire amene anagwira ntchito ya pa kauntala ku banki mpaka kupuma, ndipo tsopano amayesa mitengo ya ndalama zakale m'malo mwa anthu amene amazisonkhanitsa. Ndinamuimbira. Anangoti ndibwere Lolemba m'mawa. Anayambanso kunena kena kake, koma ine ndinadula foni msanga, chifukwa wogulitsa amene amachedwa pa foni amaoneka wanjala.

Lamlungu masana, anthu atabwera kutchalitchi, ndinayala manoti onse pa tebulo n'kuwayang'ana ndi diso la ntchito. Sanandisangalatse. Ena anali ndi mzere wopinda pakati. Ena anali atapindika pang'ono ndi chinyontho cha zaka zambiri. Ena anali ndi timadontho tofiirira m'mphepete, ndipo onse ankanunkha bokosi. Ndinaganiza kuti munthu wa ku Lusaka, wozolowera ndalama zatsopano za ku banki, akaona zimenezi adzandiseka. Katundu wotopa sapita kumsika asanasambe.

Ndinatenga beseni laling'ono, madzi ofunda ndi sopo wa ufa pang'ono. Noti iliyonse ndinkaiviika mwaulemu, kuipukuta ndi kansalu kofewa, kuimata pa galasi la zenera kuti iwume pang'ono, kenako kuiika pansi pa pilokesi n'kudutsapo ndi nsimbi. Ndinayamba ndi za manambala aakulu, popeza aliyense amadziwa kuti fifite pini ndi wamkulu kuposa fifite ngwee. Zinkatuluka zosalala, zowala, zowongoka ngati kolala ya mphunzitsi wamkulu. Mkazi wanga anaima pakhomo n'kundifunsa ngati mayi uja ananena kuti ndichite zimenezi. Ndinamuyankha kuti iye adziwe za tomato wake, za katundu asiyire eni ake. Anabwerera kukhitchini.

Ndinatsika nawo manambala aja bwinobwino. Mapini onse anatha. Za handiredi, za fifite, za twente, za teni. Ndinafika pa ya mapaundi asanu, ndinaisamalira kwambiri chifukwa inali ndi dontho pakona, ndinaipaka sopo kawiri. Nditangoichotsa pansi pa pilokesi, wailesi ya aneba inangoti zii. Magetsi anapita.

Ndinatukwana. Nthawi imeneyo magetsi akapita masana ankabwera anthu atagona kale, nthawi zina mawa lake. Ndinafunsa za nsimbi ya makala, mkazi wanga anati anabwereketsa ndipo sakukumbukira kuti kwa ndani. Lero ndikudziwa kuti inali kuseri kwa kabati. Pa tebulo panatsala manoti ochepa osasamba: ya makwacha awiri, ya kwacha imodzi, ya paundi imodzi, ya fifite ngwee ndi ya mashilingi khumi yokhala ndi kambalame. Ndinawayang'ana ngati zovala za pansi pa bhelo, zija timaunjika kuti aliyense asankhe yekha. Ndinawabwezera m'buku momwe analili. Osita aja ndinawaika mu envulopu yatsopano.

M'mawa mwake ndinavala jekete labwino kuposa onse a pa sitandi yanga, loti ndikalibwezere madzulo, n'kukwera minibasi. Njira yonse, kudutsa Chilanga mpaka kulowa m'tauni, ndinkakonza nkhondo yanga. Ndiyamba ndi mtengo wa bhelo lathunthu la zovala za ana. Iye adzaseka, adzatchula theka. Ine ndidzaimirira, ndidzatenga envulopu, ndidzafika pa geti. Iye adzandiitana. Tidzakumana pakati. Nyimbo imeneyi ndaiimba kambirimbiri moti ndingaiimbe ndili m'tulo.

Nyumba yake inali ku Kabwata, yaing'ono, ya maluwa m'zitini. Iye anali mayi wochepa thupi, wa imvi zometa, magalasi atapachikika pa chingwe m'khosi. Anandilowetsa m'chipinda chimene tebulo lake linali pafupi ndi zenera, pa tebulopo atayalapo nsalu yoyera. Anasamba m'manja asanakhale. Zimenezi ndinaziona ndipo ndinaganiza kuti ndi matama a anthu a ku banki.

Ndinayamba monga mwa mwambo. Ndinamuuza kuti kwathu ku Kafue kuli mzungu wina amene akundivutitsa kuti ndimugulitse, koma ndaganiza zoyamba ndi wakwathu. Mzunguyo kunalibe. Ndinayala manoti osita mmodzimmodzi ngati makhadi, ndinatchula mtengo wanga ndi mawu a munthu amene sakufuna kugulitsa. Kenako, pofuna kumufewetsa mtima, ndinatsegula buku lija n'kukankhira tija tosasamba kumbali yake. Ndinati iti ndi mbasela, akagula zabwinozi atenge ulere, chifukwa magetsi anandithawa ndisanatikonze.

Sanaseke, sanatchule theka. Anatenga noti imodzi yosita ndi nsonga za zala, naiyang'ana mopendeketsa cha kuzenera. Anaigwedeza pafupi ndi khutu. Kenako anainunkhiza. Pa zaka zanga zonse za msika ndinali ndisanaonepo munthu akununkhiza ndalama.

"Ba Kafue," anatero, "izi munazichapa na sopo wa ufa, mwazichisa na nsimbi. Ni zoona?"

Ndinavomera monyadira. Ndinawonjezera kuti sitachi sindinathire, poopa kuti ingamatane.

Anavula magalasi, natseka maso kwa kanthawi ngati munthu amene akupempherera wodwala. Atatsegula anandifunsa chifukwa chake ndinadula foni tsiku lija, popeza mawu amene ankafuna kunena anali amodzi okha, akuti ndisazikhudze.

Kenako anandiphunzitsa, ndipo sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Anatenga ya fifite ngwee yosasamba ija, nandiuza kuti ndiyendetse chala pang'onopang'ono pa zilembo. Ndinamva timizere totukuka, ngati nsalu yolukidwa. Anandipatsa yosita kuti ndichite chimodzimodzi. Inali yoterera ngati pepala la m'kope. Anati inki ya ndalama imaima pamwamba pa pepala, ndipo nsimbi imaigonetsa osadzukanso. Anati pepala la ndalama lili ndi kulira kwake ukaligwedeza, madzi amakuchotsa. Anayatsa katochi ka kuwala kwa buluu pa noti zanga zokongola zija, ndipo zinayaka mabalamabala ngati malaya oyera m'disiko. Umenewo unali sopo wanga.

Anafotokoza kuti anthu osonkhanitsa ndalama sagula kukongola. Amagula chinthu chimene chafika lero monga chinatulukira, popanda munthu kuchithandiza. Mzere wopinda amaukhululukira, amangotsitsa mtengo pang'ono. Dontho la ukalamba amalimvetsa. Koma noti yochapidwa amaiona ngati munthu wonama zaka, ndipo akaigwira kamodzi sakhulupiriranso wogulitsayo. Anatinso nambala yaikulu si kanthu. Mapini aja anasindikizidwa ochuluka, ndipo anthu ambiri akadali nawo m'masutikesi, moti ngakhale ndikanapanda kuwasita sakanagula zambiri. Chimene amayang'ana ndi chaka, siginecha ya mkulu wa banki amene anasainapo, makona ngati akadali akuthwa, ndi kuchuluka kwa anzake amene atsala padziko.

Pamene ankanena zimenezi dzanja lake linafika pa ya mapaundi asanu. Anaigwira nthawi yaitali kuposa zonse. Anaitembenuza, naitembenuzanso. Anandifunsa ngati inali yopindidwa ndisanaikhudze. Ndinati ayi, inali ndi kadontho kokha pakona. Anafunsa kuti ndalamazi ndi za ndani ndipo ndikuzigulitsiranji. Mzungu wanga anali atafa kale, choncho ndinanena zoona: za apongozi, za kachitsulo kobedwa, za mitumbira iwiri, za mvula.

"Iyi yeka," anatero akuiika pansi pang'onopang'ono, "sembe yamanga chiliza chonse, na chenji."

Jekete la pa sitandi lija linayamba kundithina. Ndinaona malemu apongozi ali mnyamata, akugona ndi njala kuti pepala limeneli likhale. Linadutsa zaka zonsezo, kusamuka nyumba, chiswe, ana osakasaka ya maswiti, mpaka linakumana ndi ine ndi beseni langa.

Tsopano mvetsani pamene panali nkhani. Mbasela ija ndinali nditaipereka kale ndi pakamwa panga. Pa malamulo a msika, amene ine ndimawadziwa kuposa Malamulo Khumi, iye akanangolipira kamtengo kalikonse pa zosita zija, n'kutenga zosasambazo ulere, n'kundiperekeza pa geti. Sakananama ngakhale liwu limodzi. Ine ndikanachita zimenezo. Ndazichitapo kwa anthu obwera ndi nsapato zachikopa chenicheni osadziwa chimene anyamula, ndipo madzulo ake ndinkagula mowa wokondwerera.

Iye anakankhira envulopu ya zosita kumbali yanga, nati ndibwerere nazo, chifukwa chimene angandipatse pa izo chingakhale chipongwe kwa amene anazisunga. Kenako anayala tosasamba tija pa nsalu yoyera. Anatenga galasi lokulitsa, nayang'ana kalikonse kutsogolo ndi kumbuyo, natsegula buku lake lalikulu la zithunzi za ndalama n'kundionetsa pamene kalikonse kali. Ya mashilingi khumi ndi ya paundi imodzi anati n'zosowa zikakhala zoyera chonchi. Ya makwacha awiri inali ndi siginecha imene ogula ake amaifunafuna. Anandiuza mtengo umene iye akagulitsire, nandiuza umene angandipatse, kuti ndione ndekha phindu lake. Umene anati andipatsewo unali pafupifupi kawiri mtengo umene ine ndinaitanira katundu yense.

Apa ndiye pamene ndimachita manyazi kwambiri ndikakumbukira. Munthu wakuchitira chifundo chotere, wakubwezera chimene unataya ndi manja ako, choyenera n'kugwada. Koma pakamwa pa wamsika pali ndi miyendo yakeyake. Ndinangomva mawu anga akuti, "Ikaniponi ka pang'ono, amayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinayang'ana nsalu yoyera, ndinayang'ana maluwa a m'zitini panja, kenako ndinati mawu amenewo abwezedwe, anatuluka okha. Pamenepo ndiye anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kupukuta misozi. Anati pa kauntala anakumana ndi anthu amitundu yonse koma wopempha mbasela pa mbasela yake yomwe anali asanamuone. Sanawonjezere. Anandipatsa tiyi ndi mabanzi awiri, ndipo pondiperekeza anati ndikamva wina ali ndi zoterezi ku Kafue, ndimuuze asazikhudze.

Mu minibasi pobwerera ndinapanga mabodza atatu. Loyamba, kuti zinazo anazikana chifukwa n'zopezeka paliponse, zimene zinali zoona theka. Lachiwiri, kuti ndinagulitsa zonse pamodzi ndipo envulopu ndiitaye mu mtsinje. Lachitatu ndaliiwala, koma linali ndi mzungu. Tisanafike pa mphambano yolowera mu Kafue onse atatu anali atagwa, chifukwa mkazi wanga anaona beseni, ndipo chifukwa china chimene sindinachizolowere: munthu akakuuza zoona pamene akanapindula ndi kukhala chete, bodza limakuvuta kwa tsiku lonse.

Ndinapita kwa apongozi madzulo omwewo dzuwa lisanalowe, mkazi wanga ali patsogolo. Ndinakana mpando, ndinakhala pansi pafupi ndi khomo. Ndinapereka ndalama, kenako buku ndi envulopu, kenako nkhani yonse, osasiyako sopo. Ndinanenanso za mapaundi asanu ndi chimene akanagula. Ndinati mwala wakuda wonyezimira uja unalipo m'manja mwanga ndipo ndausungunula ndi nsimbi.

Apongozi anatsegula envulopu, natulutsa manoti aja, nawayala pa chitenje chawo. Kenako, koyamba chikwatirire mwana wawo, analankhula kwa ine mwachindunji.

"Apongozi, ine ndinakupatsani ndalama. Sindinakupatseni malaya."

Mkazi wanga anatulutsa kaphokoso kamene anakasandutsa chifuwa. Ine ndinati ndalakwa, amayi. Iwo anapitiriza, tsopano akuyang'ananso mwana wawo, kuti zaka zonse za ukwati wawo malemu sanawalole kutsegula buku limenelo. Ankapukuta fumbi pamwamba pokha. Kangapo konse, ndiwo zitasowa m'nyumba, anakangana chifukwa cha mapepala amenewa, ndipo bambowo ankangoti si zodyera. Ananena kuti usiku umene anapereka bukulo sanagone bwino, ankamva ngati agulitsa munthu. Anasonkhanitsa manoti osita aja, nawabwezera m'masamba a buku limodzilimodzi, namanganso mphira. Anati popeza palibe amene akuwafuna, akhala nawo iwo, ndipo tsopano angathe kuwagwira mmene akufunira popanda wowaletsa.

Sanandikhululukire ndi mawu, ndipo sindinayembekezere. Anangofunsa ngati zimene zabwerazi zikwana chiliza cha mtundu uliwonse mvula isanagwe. Ndinati zikwana, ngakhale ndinali ndisanafunse.

Pamenepo luso langa linapeza ntchito yoyenera. Ndinayenda kwa amisiri atatu a ziliza, ndinaimirira, ndinafika pa geti, ndinaitanidwa. Mchenga ndinakatenga ndekha ndi wilibala yobwereka, masiku awiri sitandi ili yotseka. Azilamu anga, atamva kuti mayi awo agulitsa za m'buku, manyazi anawagwira, wina anatumiza simenti, wina anabwera kudzaponda dothi. Apongozi anatitsogolera kumanda ndi mkulu wina amene ananyamula nawo bokosi tsiku la maliro, ndipo awiriwo anagwirizana kuti ndi mtumbira wa kumanja. Chiliza chinamangidwa cha simenti, chopakidwa bwino, ndi kamwala kakang'ono kolembedwa dzina kozikidwa m'kati mwake moti wakuba angafunike nyundo ndi tsiku lathunthu. Si chonyezimira. Mvula yoyamba inagwa simenti itauma kale. Apongozi amapitako okha tsopano, sawerenganso mizere.

Ndimathokoza anthu ambiri pa nkhani imeneyi, ndipo ena mwa iwo sadziwa. Ndimathokoza amene anazimitsa magetsi Lamlungu lija, kaya anali ndani. Anthu akamadandaula za malaiti pamsika ine ndimakhala chete, chifukwa ndikanapatsidwa theka la ola lina, bwenzi nditasita chiliza chonse mpaka kutha. Ndimathokoza mkazi wanga chifukwa cha kuiwala kwake kwadala. Koma woposa onse ndi mayi wa ku Kabwata uja, amene anali ndi khosi langa m'manja n'kulisiya.

Komabe ndine wamsika, ndipo mutu wanga suleka kuwerengera. Kuyambira tsiku limenelo ndasanduka mlaliki. Aliyense wogula jekete amamva za ndalama zakale, afune asafune. Kafue ndi tauni ya anthu opuma ntchito, a njanji, a ku fakitale ya feteleza, a ku fakitale ya nsalu, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi sutikesi pansi pa bedi. Ndatumiza kwa mayi uja amasiye, madikoni, msodzi wina wa ku Chanyanya amene anapeza manoti m'chitini cha malemu bambo ake. Ena ndimawaperekeza ndekha pa minibasi, ndikulipira mpando wanga, njira yonse ndikuwauza kuti asapinde, asapukute, asanyowetse chala. Sindinalandirepo ngakhale ngwee ya komishoni. Ndikafika amandipatsa tiyi ndi mabanzi awiri, amandifunsa za apongozi, ndipo ndimabwerera ndili wokondwa ngati mwana wa sukulu amene wayamikiridwa.

Tsiku lina mnzanga wa sitandi yoyandikana nane, amene wamva nkhaniyi mpaka kutopa nayo, anandiuza kuti ndine wopusa. Anati mayi ameneyo ndi katswiri kuposa tonse pamsika pano: analipira kamodzi kokha mtengo woyenera, n'kugula munthu wolongolola kwambiri mu Kafue kuti azimugwirira ntchito moyo wake wonse pa malipiro a mabanzi. Mwina n'zoona. Mwinanso anangokhala munthu wabwino, ndipo phindu linamutsatira lokha. Ndayesa kumuyang'ana m'maso kuti ndidziwe, ine amene ndimawerenga nkhope za anthu kuti ndidye, koma amangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundiwonjezera shuga.

Ine ndinapita kukamudya, ndinabwerako ndi zochuluka kuposa zimene ndinapempha, ndipo mpaka lero ndikumugwirira ntchito ulere ndi mtima woyera. Ndiye inu amene mwamva zonse, ndiuzeni: pa malonda amenewa, anapambana ndani?